A Gerishomo Anaopa Zonse Kupatula Lachisanu

Pa doko lathu lino, kuyambira pamene mabwato a ku Chisi amakocheza mpaka kumathandala a matemba, sipanapondepo munthu wamantha ngati malemu a Gerishomo. Ndikunena ine Dailesi, amene ndinagwira nawo ntchito ofesi imodzi. Wina akakuuzani kuti ndikukokomeza, mumufunse ngati iyeyo anawaonapo akuwoloka msewu. Kamsewu kathu kafumbi kaja, koti nkhuku imatha kuikira dzira pakati galimoto isanadutse, iwo ankaima, kuyang'ana uku, kuyang'ana uko, kenako kuyang'ana kumwamba.

"Kumwambako kuli chiyani, a Gerishomo?"

"Sindikudziwa, achemwali. N'chifukwa chake ndikuyang'ana."

Munthu wobadwira kunyanja, wokulira pa fungo la nsomba, koma bwato sanalikwerepo. Chaka chija nyanja inaphwa, cha 1995, anthu akupita ku Chisi wapansi, ena pa njinga, tinawauza kuti mwayi wanu ndi uwu, kaoneni chilumba. Anatiyang'ana ngati tawatukwana.

"Nanga madzi akabwera ndili pakati?"

"Abwera kuchokera kuti, kunja kuli ng'amba chonchi?"

"Kumene anapitako."

Koma chimene anatchuka nacho kwambiri ndi kuopa kudula. Chilichonse chofuna lumo, mpeni kapena sizasi chinkawatulutsa thukuta. Tsiku lina anagula buluku la kaunjika ku Songani, lalitali moti ankaliponda ndi zidendene. Anapita nalo pakhonde la a Wilisoni atelala.

"Mulichepetse, koma musalidule."

"Nanga ndilichepetsa ndi malovu?"

"Mulipinde kaye, mulilumikize ndi ulusi. Ndiyende nalo, ndikhale nalo pansi, ndikwere nalo njinga. Ndikaona kuti miyendo yonse ilimo, ndiye mudzadule. Ndipo podulapo mudzasiye kansalu kapadera, mwina ndingatalike."

"Mungatalike? Munthu wa imvi?"

"Mukadula mwadula, a Wilisoni. Nsalu siphuka."

Anayenda nalo bulukulo lili lopinda ndi ulusi woyera mpaka mvula inagwa. Tsiku lodula lenilenilo anasiya bulukulo pa makina, iwo n'kukaima kuseri kwa sitolo atatseka makutu.

Ndiye tangoganizani, abale inu, munthu ameneyu ndi amene anapatsidwa makompyuta. Kunabwera bungwe lina la zausodzi, dzina lake tilisiye, n'kumanga kaofesi ka njerwa pamtunda pa doko, moyang'anana ndi mzikiti, pakati pali msewu. Ine anandilemba ntchito yoyeza nsomba pa sikelo asodzi akamakocheza. A Gerishomo, popeza ankadziwa kutayipa, anawatumiza ku Zomba kukaphunzira, ndipo anabwerako ndi makompyuta atatu ndi mantha atsopano. Awiri anali ang'onoang'ono. Yachitatu, yaikulu ngati chigubu cha madzi, ankaitcha seva. Iyo ndiyo inkasunga zonse m'mimba mwake, m'chinthu chotchedwa disiki, ndipo awiri enawo ankangoyamwa kwa iyo kudzera pa chingwe.

Magetsi kwathu kuno kunalibe. Tinkadalira jenereta imene inali m'kashedi kuseri kwa ofesi, ndipo woiyang'anira anali mlonda wathu, Che Yasini. Pansi pa tebulo panali bokosi la batire, loti jenereta ikazima lizigwirizira seva kwa kanthawi, kanthawi kongokwanira kumwa kapu ya tiyi wozizira kale. Ndipo panali mwambo umodzi umene sunalembedwe paliponse. Lachisanu lililonse dzuwa likafika pamutu, Che Yasini ankazimitsa jenereta, kukhoma shedi, n'kupita kukaswali. Jenereta ija inali yaphokoso ngati chigayo, ndipo mzikiti unali pamphuno. Palibe anatilamula, unali ulemu chabe. A Gerishomo ankatseka makompyuta awo msanga, ife n'kupita kukadya.

Seva ija inkasamalidwa kuposa mwana wakhanda. Miyendo ya tebulo inali m'zitini za mafuta akuda kuopa nyerere. Kuyetsemula unkatuluka panja. Ukalowa ndi nsomba m'manja, a Gerishomo ankatambasula mikono kutsogolo kwake ngati nkhuku yaona mphamba. Mtambo ukangoda ku Mulanje, kutali konseko, iwo azula kale zingwe zonse, akhala pakona, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chamumtima.

Nyanja isanaphwe, bungwe linabweretsa kamera yopanda filimu, yothira zithunzi m'kompyuta. Ankafuna kupanga makadi a asodzi. Anajambulidwa onse, a pa doko, a ku Chisi, ngakhale a m'zimbowera, timisasa tija toyandama pakati pa udzu wa m'nyanja. Ambiri chinali chithunzi chawo choyamba chibadwire. Anabwera atasamba, atadzola, ndipo jekete limodzi la kolala yong'ambika linazungulira doko lonse, wina akavula wina n'kuvala. Wojambula anali a Gerishomo. Pomaliza ndinawauza kuti khalani apo nanunso ndikujambuleni.

"Ine ayi."

"Mukuopanso chiyani? Siluma."

"Onsewa ndiwasamala ine. Ndikalowa m'menemo, andisamala ndani?"

Tinaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Kenaka nyanja ija inaphwa. Mabwato anangoti mbwee pa matope ong'aluka, za makadi zinafera m'mazira, makina osindikizira sanabwere n'komwe. Zithunzi zinatsala m'disiki, zonse zomangidwa chimtolo chimodzi chachikulu, choti sungasololemo chimodzi n'kuika pa kadisiketi, kadisiki kakang'ono konyamula m'thumba. Asodzi anabalalika kusaka madzi kwina. Ena anabwerera, ena ayi. Mmodzi mwa osabwererawo anali Che Ayuba, amene anatsikira ku Mozambiki, kolera n'kumupeza komweko, n'kuikidwa komweko. Kuno anasiya mkazi wake, Mwanaisha, ali woyembekezera.

Tsiku lina Mwanaisha anafika pakhomo la ofesi, kamwana kakakazi kali kumbuyo.

"Odi. Ndamva kuti nkhope ya abambo a Jamila muli nayo."

A Gerishomo anakhala pa kompyuta. Anatsegula pulogalamu ya makadi, kusakasaka, ndipo dzina litangotulukira anadzuka msangamsanga n'kukaima moyang'ana khoma. Ulemu unalipo, inde, koma chenicheni n'chakuti ankaopa kuphana maso ndi munthu womwalira. Mwanaisha anamasula mwana kumbuyo, n'kumuimika pa ntchafu.

"Jamila, ababa ako awo."

Che Ayuba anali pamenepo, m'jekete la kolala yong'ambika lija, akuyesetsa kusaseka. Ine ndinatuluka, ndinati ndikaone sikelo. Kuyambira pamenepo Mwanaisha ankabwera kawirikawiri, atanyamula chinangwa chophika m'kambale. A Gerishomo ankayamba achinunkhiza kaye chinangwacho, kenako n'kutsegula chithunzi, n'kupita kukaima kukhoma kwawo. Chithunzi china cha Che Ayuba padziko lonse lapansi kunalibe.

Madzi atabwerera m'nyanja, bungwe linasintha ntchito. Bwana wathu anabwera kuchokera ku tawuni ndi nkhani yoti tsopano tiziwerenga mbalame ndi kujambula mapu a dambo. Pulogalamu ya mapuyo inkafuna chipinda chakechake m'disiki, pamene disiki yathu inali chipinda chimodzi kuyambira khomo mpaka kumapeto. Bwanayo sanali woipa mtima. Disiki ina kunalibe, basi.

"A Gerishomo, njira zilipo ziwiri. Muchepetse chipinda chakalecho kuti kumapeto kutsale malo, kapena mufufute zonse tiyambirenso. Za nsomba tili nazo kale ku tawuni. Za makadi zija zinatha ntchito. Ndikamabwera ulendo wina ndipeze malo."

Galimoto itangochoka, a Gerishomo anakhala pansi, pa simenti penipeni.

"Achemwali, andiuza kuti ndidule."

"Ndiye dulani. Munaphunzira, eti?"

"Kuphunzira ndinaphunzira. N'chifukwa chake ndikuopa."

Anandilongosolera. Akuti zili ngati kumanga khoma pakati pa nyumba anthu akukhalamo. Suyamba ndi njerwa. Umayamba watulutsa katundu yense kukasungitsa kwa aneba, ndiko kukopera zonse pa tepi. Ndipo tepiyo suikhulupirira mpaka utaiwerenganso n'kuona kuti zilimodi. Kenako umafufuza disiki ngati ili ndi malo ovunda. Kenako umakankhira katundu yense mbali imodzi, n'kuyeza pamene wathera. Khoma umaliika kutali ndi katunduyo, kusiya malo apadera, ngati kansalu ka buluku lija. Ukaika khoma pamene pali katundu, ladula katunduyo pakati, ndipo kulira sikuthandiza.

"Nanga choopsa chili pati, mukatsata zonsezo?"

"Ponyamula. Kompyuta ikamasamutsa chinthu, imachinyamula kuno, sinachitule uko. Magetsi akazima ili nacho m'manja, chagwa. Ndipo si chokhacho. Imaiwalanso kumene inaika zina zonse."

Ndinamva tsitsi kuyenda, ine amene sindiopa ngakhale njoka.

Anayamba ndi tepi monga mwa dongosolo. Anakopera tsiku lathunthu, koma poiwerenganso tepi inakana. Chinyontho cha kunyanja chinali chitaichititsa nkhungu. Anaika yachiwiri, yomaliza, ndipo makina okopera anaitafuna ngati mbuzi yapeza chitenje pa chingwe, n'kuferanso pomwepo. Titatumiza uthenga ku tawuni, yankho linabwera lakuti makina ena adzafika, koma osati posachedwa, ndipo mapu sangadikire.

Apa ndiye a Gerishomo m'mimba munatseguka. Njira ya ku chimbudzi inachita kusalala. Anaonda maso ali gwa, ndipo chinangwa cha Mwanaisha chinabwerera chosanunkhizidwa n'komwe. Mwanaisha anandikokera pambali.

"Achemwali, abambowa akudwala?"

Ndinamuuza zoona, ine kubisa sindidziwa. Sanalire. Anangomanga mwana kumbuyo mothina, n'kunena kuti, "Mukawauze kuti ine ndilibe mawu. Achite mmene angathere."

Ndinalowa m'ofesi mtima uli phaphapha ndi ukali.

"A Gerishomo, mantha anuwa lero atopetsa. Mukaopa kudula, bwana abwera adzafufuta yekha, ndipo iyeyo sadzatsegula m'mimba. Amake Jamila mudzawauza chiyani? Kuti munali kuchimbudzi?"

Anandiyang'ana.

"Popanda tepi, achemwali. Popanda pothawira."

"Eya. Popanda."

"Ndiye mundithandize kuopa. Ndekha sindikwanitsa."

Tinaopadi, abale. Munthu uja anakhala pansi n'kuganizira tsoka lililonse limene lingagwere jenereta, n'kulitsekera njira. Mafuta anakagula yekha ku Songani, n'kuwasefa pa mpango wake woyera. Anabwereka mphaka kuopa makoswe angatafune chingwe, kenako anamubweza mphakayo kuopa angalumphire pa tebulo. Mbuzi zonse zapafupi zinamangidwa. Ana anathamangitsidwa ndi mpira wawo. Pa shedi ya jenereta anawonjezera loko wachiwiri, wamkulu ngati mbale, kuopa wina angaigwire. Makiyi onse, ndi apadera omwe, anawapereka kwa Che Yasini, akuti iwo angawataye. Anadikira kumwamba kuyere kopanda ngakhale kamtambo. Disiki anaifufuza, n'kuifufuzanso, n'kuifufuzanso kuti atsimikize kuti kufufuza koyamba kuja sikunaononge kanthu. Anakankhira katundu mbali imodzi, ndipo zonse zinasuntha bwinobwino kupatula chimodzi. Chimtolo cha zithunzi chija chinali kumapeto kwenikweni, kuseri kwa pamene khoma limayenera kudutsa, ndipo chinkayenera kunyamulidwa pa kudula penipenipo.

Masiku onsewo kunyumba sankapita. Ankagona pa mkeka pafupi ndi seva, kudya osadya, mpaka masiku anawasokonekera m'mutu.

Tsiku lake ine ndinalawirira ku doko, kunali matemba ambiri. Ndinabwerako dzuwa litakwera, sikelo ili pamutu. Ndinawapeza atakhala kutsogolo kwa galasi la kompyuta, manja ali pakati pa maondo. Pagalasipo panali kamzere kakukwawa pang'onopang'ono, kosachedwa n'kwa nkhono.

"Musapume mwamphamvu," ananong'ona.

"Mwayamba?"

"Kalekale. Panopa yanyamula nkhope. Ili nazo m'manja."

Ndinatula sikelo mwakachetechete. Ndikudzuka, ndinaona pa windo azibambo akudutsa, mikanjo yoyera mbee, zisoti kumutu. Mtima unangoti thi.

"A Gerishomo, lero ndi lachingati?"

"Lachinayi."

"Nanga mikanjo iyo?"

Asanatembenuke n'komwe, kuseri kunamveka jenereta ikutsokomola, gu, gu, gu, kenako zii. Chete wake uja sindidzamuiwala. Pansi pa tebulo bokosi la batire linayamba kulira, tswii, tswii, ngati mwanapiye wotayika. Munthu anaopa mphenzi, makoswe, mbuzi, mphaka ndi ana a eni, n'kuiwala Lachisanu.

Nkhope yawo inachita phulusa. Ndinaganiza kuti akomoka, ndipo ndinali nditatambasula kale manja kuti ndiwawakhe. Koma anadzuka n'kuthamanga. A Gerishomo kuthamanga! Munthu woti chibadwire sanathamangepo kuopa kugwa. Ndinawatsatira. Pa shedi tinapeza maloko awiri aja ali ndi, ndipo chitseko chake chinali chachitsulo, chimene iwo omwe anachita kupempha. Che Yasini anali atakhoma mwachangu n'kulowa kale mu mzikiti, makiyi onse ali m'thumba.

Msewu uja anawoloka osayang'ana uku, uko, kapena kumwamba. Ine ndinaima pa mpanda, popeza ndine mkazi komanso wa kutchalitchi. Iwo anafika pakhomo la mzikiti, n'kuvula nsapato, n'kuvulanso masokosi, kenako anaomba m'manja.

"Odi!"

Ndani anaodirapo pa mzikiti? Azana, kuitanira anthu ku mapemphero kuja, inali itangotha, anthu atakhala m'mizere, Shehe Alli akukonzeka kuyamba ulaliki. Mitu yonse inatembenuka. A Gerishomo anagwira chitseko kuti asagwe.

"Ma... makiyi."

Shehe Alli anali nkhalamba yofatsa, yovutika kumva. Anaika dzanja kukhutu.

"Akuti chiyani?"

"Akuti makiyi, Shehe."

"A mzikiti?"

"A jenereta!" A Gerishomo mawu anabwera, koma nzeru zinatsalira m'mbuyo. "Anthu ali m'mwamba, Shehe! Yawanyamula, sinawatule! Batire likatha agwa onse!"

Kunabuka manong'onong'o. Wina anati bamboyu wazungulira mutu. Wina anati ngakhale misala imadziwa Lachisanu. Che Yasini, ali mzere wakutsogolo, anangoti kakasi, osadziwa kuti adzuke kapena akhale. Ndipo kutsidya kwa msewu bokosi lija linkamveka, kulira kwake kukufulumira. Mayo ine, ndinaluma chala mpaka kutuluka magazi.

Pamenepo kuseri kwa nsalu yotchinga, kumene kumakhala amayi, kunatuluka mawu. Sanali okuwa, koma anamveka mzikiti wonse.

"Ndi nkhope ya abambo a Jamila, Shehe. Jenereta ikapanda kulira, ipita. Ina ndilibe."

Kenako bambo wina kumbuyo anati, "Achimwene anga alimonso." Wina anati, "Ndi mwana wanga, amene anapita ku nyanja ya Chiuta." Shehe anamva izi popanda kubwerezeredwa.

"Che Yasini, thamangani. Mulungu si gonthi, amva ngakhale injini ikulira. Wovutika ndine, ndichita kukuwa."

Che Yasini anatuluka opanda nsapato, mkanjo atauphatira m'chiuno. Makiyi anali ambiri, a Gerishomo anachita kuonetsetsa zimenezo, ndipo loko wachiwiri uja anatsegulidwa ndi kiyi womaliza. Che Yasini anakoka chingwe cholizira jenereta. Jenereta inangodzuma. Anakokanso. Inatsokomola n'kukhala chete. M'ofesi bokosi linasiya kudukiza, likungolira mosalekeza, kulira kwa chinthu chimene chikutsirizika.

A Gerishomo jeneretayo anali asanaikhudzepo ngakhale ndi chala, ankati imaphulika. Tsiku limenelo anakankha Che Yasini, kugwira chingwe ndi manja awiri, kutsinzina, n'kukoka ndi mantha onse amene anasonkhanitsa chibadwire. Anagwa chagada pa manyi a mbuzi, buluku la a Wilisoni lija n'kung'ambika kumbuyo kuyambira m'chiuno mpaka pa bondo. Jenereta inalira.

Anatsala chigonere pomwepo, maso ali chitsinzinire.

"Achemwali, kayang'aneni ndinu. Ine sindingathe."

Ndinalowa m'ofesi. Bokosi linali litatonthola. Galasi linali loyaka. Ndinayang'anitsitsa kamzere kaja mpaka maso kuwawa, ndikupemphera mapemphero onse amene ndimawadziwa, ndi a chakudya omwe. Kenako kanasuntha, kangachepe ngati nsonga ya singano.

"Kakuyenda!"

Ulaliki wa tsiku limenelo akuti unamveka mpaka ku Chisi, ndipo Shehe anasasa mawu mpaka Lachisanu linalo. Swala itatha palibe anapita kwawo. Mzikiti wonse unabwera kudzaima pa mawindo a ofesi, azibambo uku, amayi uko, onse chete, popeza a Gerishomo anali atalamula kuti asapume mwamphamvu. Iwo anakhala pa mpando atamanga chitenje changa m'chiuno. Kamzere kanakwawa, kanakwawa, mpaka kanafika. Anthu anafuna kuomba m'manja, iwo anakweza dzanja. Anayamba afufuzanso disiki, chipinda chakale ndi malo atsopano omwe. Atatha anaitana Mwanaisha kuti alowe, n'kutsegula pulogalamu ya makadi.

Che Ayuba anatulukira, m'jekete lawo lija, akuyesetsabe kusaseka.

A Gerishomo anaiwala kupita kukhoma. Anakhala pomwepo, kuwayang'ana malemuwo m'maso, kwa nthawi yoyamba.

"Mwafika bwino, Che Ayuba? Pepani, tinakugwedezani panjira."

Atatero anatuluka n'kukasanza kuseri kwa shedi.

Makina a tepi atsopano atafika, anakopera zonse, n'kuwerenganso monga mwa chizolowezi. Kenako anachita chinthu chimene palibe anawatuma. Anakwera matola, tepi ataifungatira pachifuwa, maso ali chitsinzinire mpaka ku Zomba, ndipo anakachonderera a bungwe kumeneko mpaka zithunzi zonse zinasindikizidwa pa pepala. Anayenda nazo khomo ndi khomo, akuzemba agalu. Za ku Chisi anachita kupatsira a mabwato, pamenepo pokha sanasinthe. Mpaka lero mukalowa m'nyumba zambiri kuno mupeza pakhoma bambo atavala jekete la kolala yong'ambika, ndipo mlendo amadabwa kuti kodi doko lonseli linali ndi telala mmodzi.

Ndipo mwambo wa Lachisanu unawonjezereka. Che Yasini asanazimitse ankabwera kaye pa windo.

"A Gerishomo, ndizimitse?"

"Dikirani kaye."

Makompyuta atsekedwa kalekale, zingwe zazulidwa, koma iwo ankasuzumirabe pansi pa tebulo, kugwira seva ngati akuyeza mwana kutentha thupi.

"Zimitsani."

Anatisiya m'nyengo yozizira ya 1999. Osati ndi madzi, kapena mphenzi, kapena galimoto, kapena galu. Chibayo chinawapeza pa mkeka wawo, m'nyumba yokhoma bwinobwino. Nditapita kukawaona ndinawapeza atachepa ngati mwana, akupuma movutika.

"Achemwali, sindikuopa."

"Mukunama."

"Eya, ndikunama."

Tinaseka tonse awiri, ine misozi ikutsika. Ndinawagwira dzanja mpaka anagona.

Maliro awo anali a tchalitchi, koma mikanjo yoyera inachuluka kuposa mayunifomu a amayi a chigwirizano. Mwambo utatha, mlongo wawo amene anachokera ku Phalombe anapempha chinthu chimodzi. Mayi awo okalamba analephera kuyenda ulendowo, ndipo ankafuna chithunzi cha mwana wawo. Tinati zimenezo n'zosavuta, munthu wa zithunzi ameneyu. Tinasaka m'nyumba mwawo, munalibe. Tinafunsa ku tchalitchi, akuti wojambula akabwera iwo ankabisala kuseri kwa kwaya. Ndinatsegula seva, ndinadutsa nkhope zonse za doko lino imodziimodzi, ndikudziwa kale kuti sindiwapeza.

Mwanaisha anali ataima pakhomo, Jamila atamugwira chitenje. Ndinamuuza zimene a Gerishomo anandiyankha tsiku la kamera lija, kuti ndikalowa m'menemo andisamala ndani. Ndinkayesa aseka. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

"Tikanawasamala ife," anatero.

Doko lino likadalipo, matemba akubwerabe, koma pachepa kanthu. Mtambo umada ku Mulanje popanda wotichenjeza. Ana amawoloka msewu chothamanga, ndipo ine ndimapezeka ndikuwakalipira kuti ayang'ane uku, uko, ndi kumwamba komwe. Ndimawasowa, abale, ndipo sindichita manyazi kunena.

Lachisanu loyamba titawaika, ndinali ndekha m'ofesi. Makompyuta ndinali nditatseka, zingwe nditazula monga ankachitira. Dzuwa litafika pamutu ndinamva mapazi pa windo. Che Yasini, mkanjo woyera, makiyi m'manja.

"A Gerishomo, ndizi..."

Anadukiza. Tinayang'anana, kenako tonse tinayang'ana mpando uja. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti zimitsani, palibe chimene chikuyaka. Koma chimene chinatuluka ndi china.

"Dikirani kaye."

Che Yasini anagwedeza mutu movomera. Anaima pa windopo, azana ikumveka kutsidya kwa msewu, ndipo anadikira.